Bondo lachitsulo likamalanda tulo

Kunyanja ku Nkhotakota kuchezera usiku si nkhani yachilendo. Asodzi a usipa amalowa pamadzi dzuwa likangolowa, nyali zawo n'kumaoneka ngati mudzi woyandama, ndipo amakocheza kum'bandakucha. Alonda a m'sitolo za paboma nawo sadziwa tulo. Koma pali kagulu kena, kochepa ndithu, kamene kamachezera popanda phindu la ndalama: anthu amene angochitidwa kumene opaleshoni yowaika bondo lochita kupanga.

Masana munthu wotere amaoneka kuti zikuyenda. Amatuluka ndi ndodo zake kufika pakhonde, amalandira odzazonda matenda, amaseka nawo. Alendowo amabwerera akuthokoza Mulungu. Chimene saona n'chakuti ikangokwana 10 koloko, m'nyumba mutati zii, bondo lija limayamba kugunda ngati muli mtima, kuwotcha, nthawi zina kulasa ngati munga wa nkholokolo. Agone chagada, ayi. Agonere kumbali, ayinso. Tambala woyamba amalira munthu ali maso gwa.

Pa ola limenelo dokotala amene adachita opaleshoniyo ali kutali. Kuchokera paboma la Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 200, ndipo ku Blantyre ndi oposa 300. Choncho amene amagamula chochita ndi gadiyani: mwana wamkazi, mdzukulu, kapena mwamuna wokalamba mnzake. Apa m'pamene mabanja amaphonya. Ena amaganiza kuti opaleshoni yalephereka kapena pali dzanja la munthu, n'kuyamba kuchita zinthu zoononga bondolo. Ena amapirira mopitirira muyeso, n'kumati "ndi mmene zimakhalira" pamene mwendo ukupempha chipatala msangamsanga.

Chimene chimachitika m'fiyeta

Anthu ambiri amamva ngati madokotala amadula bondo lonse n'kulitaya. Si choncho ayi. Kumapeto kwa fupa la ntchafu ndi fupa la msongolo kuli mnofu woterera umene umachititsa kuti mafupawo asamakhulane. Nyamakazi ikaudya mnofuwo, fupa limakhula fupa linzake, ndipo munthu amamva ululu poyenda, pokhala, ngakhale pogona. Pa opaleshoni dokotala amasema nsonga zoperepesekazo, n'kuzivundikira ndi zitsulo zosachita dzimbiri, pakati n'kuikapo pulasitiki yolimba kwambiri.

Luso limeneli si la dzulo. Bondo lopanga la mtundu umene ukugwiritsidwa ntchito kwambiri masiku ano lidachokera pa limene madokotala a ku New York, m'modzi mwa iwo John Insall, adayamba kuika mu 1974. Kuno kwathu chipatala cha Beit CURE chidatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo mu 2005 dziko lino lidayamba kusunga kaundula wa anthu oikidwa maondo ndi ziuno zopanga. Ambiri mwa maopaleshoni oyambirira olembedwa m'kaundulayo adachitikira pachipatala chimenechi. Mu 2023 ku Lilongwe kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central. Amalawi ena opeza bwino, kapena amene ana awo asonkha ndalama, amakachitidwira ku India ndi ku South Africa.

Kulikonse kumene munthu wachitidwira, chilonda n'chimodzimodzi. Khungu ladulidwa, minofu yatambasulidwa, fupa lasemedwa ndi macheka. Thupi limaona zimenezi ngati ngozi yaikulu, ndipo limatumiza magazi ndi madzi ambiri pamalopo kuti pachire. Ndiko kutupa ndi kutentha kuja. N'zosatheka kuti bondo lotere likhale chete pakatha sabata imodzi.

Bwanji usiku?

Zifukwa zake zilipo zingapo ndipo palibe chamatsenga. Tsiku lonse mwendo umakhala uli pansi, munthu akuyenda kapena atakhala pampando, ndiye madzi amatsikira m'bondo pang'onopang'ono. Pofika madzulo bondo limakhala litafufuma kuposa m'mawa. Kenako munthu akagona osagwedezeka, mfundoyo imauma, ndipo akangoti atembenuke imamudzutsa.

Palinso za m'magazi. Thupi limapanga timadzi totchedwa cortisol timene, mwa ntchito zina, timachepetsa kutupa. Timadziti timachuluka m'mawa ndipo timatsika kwambiri chapakati pa usiku. Onjezanipo kuti mankhwala amene munthu adamwa masana amakhala atatha mphamvu, komanso kuti palibenso wailesi, alendo ngakhale adzukulu omusokoneza maganizo. Watsala yekha ndi bondo lake.

Kulasa kokhala ngati magetsi kuja kumachokera ku timitsempha ta pakhungu timene timadulidwa pa opaleshoni. N'chifukwa chake ambiri amamva dzanzi kumbali yakunja kwa chipsera. Dzanzi limeneli limachepa pakapita miyezi, ngakhale kwa ena kachigawo kakang'ono kamatsala choncho moyo wonse popanda vuto lililonse.

Masabata oyambirira ndiwo ovuta kwambiri. Ambiri amayamba kugona bwinoko pakatha masabata 6, ena mpaka miyezi itatu. Bondo lenilenilo likhoza kukhala lofunda ndi lotupa pang'ono kwa miyezi yambiri, mwina kufika chaka. Banja likadziwiratu zimenezi lisanatuluke m'chipatala, mantha amachepa, ndipo munthu wopanda mantha samva ululu ngati wamantha.

Mtsamiro woononga

Chinthu choyamba chimene gadiyani wachifundo amachita akamva mayi ake akubuula ndicho kutenga mtsamiro, kapena kupinda chitenje, n'kuika pansi pa bondo. Wodwala amausa moyo nthawi yomweyo: "Eya, pamenepo mwanawe." Bondo lopindika pang'ono limamva bwinodi. Koma chifundo chimenechi n'chimene chimalemaza.

Bondo limene likuchira limauma mmene mwalisiyira. Likazolowera kugona lopindika usiku uliwonse, pakatha masabata angapo limakana kuwongoka, ndipo munthu amayenda motsimphina ngati mwendo umodzi wafupika. Kuliwongolanso pambuyo pake ndi ntchito yowawa kuposa ululu umene ankathawa uja. Nthawi zina madokotala amachita kumugonekanso munthu ndi mankhwala kuti alipinde ndi kuliwongola mwamphamvu.

Mtsamiro malo ake ndi pansi pa katumba chakumunsi ndi chidendene, kuti bondo likhale lowongoka. Madzulo, munthu asanagone, ndi bwino agone chagada kwa kanthawi, mwendo wonse utasanjikidwa pa mitsamiro kapena mabulangete opinda kuti phazi likwere kuposa chifuwa. Madzi amene adadzaza m'bondo masana amabwerera. Wokonda kugonera kumbali aike mtsamiro pakati pa maondo awiriwo kuti asakhulane.

Akadzidzimuka pakati pa usiku bondo litauma, kungogona phee n'kumapirira sikuthandiza. Agwedeze phazi m'mwamba ndi pansi kangapo, akokere chidendene chakumatako pang'onopang'ono n'kuwongolanso. Ngati zikukanika adzuke, agwire ndodo, ayende kufika pabalaza n'kubwerera. Kugwedeza phazi kumeneku kumathandizanso kuti magazi asaundane m'mitsempha.

Kudzukako kuli ndi zofunika zake. M'midzi yambiri ya kunyanja akuluakulu adazolowera kugona pamkeka kapena pamatiresi oyala pansi. Munthu wa bondo latsopano sangakwanitse kutsika pansi n'kudzukanso popanda kudzipweteka. Banja limene lasonkha ndalama zambirimbiri za opaleshoni lisaumire pa bedi: abwereke kwa achibale kapena akhomedwe ndi kalipentala wodwalayo asanabwere. Tochi ikhale pafupi ndi mutu, pansi pasakhale nsapato, zingwe kapena timikeka toterera, ndipo neti ipisidwe mwa njira yakuti mbali yotulukira isamukole miyendo. Kugona m'neti sikusiyidwa chifukwa cha bondo. Nkhotakota ndi kwawo kwa udzudzu.

Chimbudzi chokumba ndi nkhani ina. Kunjuta n'kosatheka m'miyezi yoyambirira, ndipo ulendo wa kuseri kwa nyumba mumdima, pamchenga, ndi ndodo ziwiri, ndi kuputa ngozi dala. Mpando wamatabwa woboola pakati umathetsa vutoli masana. Usiku chidebe chokhala ndi chivundikiro pafupi ndi bedi sichinthu chochititsa manyazi.

Mankhwala ali ndi nthawi yake

Amalawi ambiri, makamaka achikulire, amamwa mankhwala opha ululu pokhapokha zinthu zikafika posauzana. Amaona ngati kumwa msanga n'kufooka, kapena amafuna kuti mapiritsi akhalitse. Pa bondo la opaleshoni nzeru imeneyi imabweza m'mbuyo. Ululu ukakwera kale pamafunika nthawi yaitali kuti utsike. M'masabata oyambirira mankhwala amwedwe pa nthawi imene dokotala adalemba, ndipo wodwala apemphe achipatala amukonzere ndondomeko yakuti ena azimwa patatsala mphindi 30 kapena ola limodzi kuti agone.

Panado amene ambiri amamupeputsa amathandiza ndithu akamamwedwa motsatira nthawi. Koma ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire mapiritsi 8 a mamiligalamu 500 pa maola 24, ndipo wochepa thupi, wodwala chiwindi kapena wakumwa mowa kwambiri amayenera kumwa ochepera apo. Chenjezo lina n'lakuti mankhwala ambiri a chimfine ndi a mutu ogulitsidwa m'magolosale alinso ndi panado mkati mwake, moti munthu akhoza kupitirira muyeso osadziwa.

Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chotuma mwana kukagula Brufen, diclofenac kapena Indocid pamsika n'kuphatikiza ndi zimene adapereka achipatala. Mankhwala a gulu limeneli amachepetsadi kutupa, koma kwa okalamba amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuononga impso ndi kukweza BP. Komanso ambiri akatuluka m'chipatala amakhala akumwa aspirin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana. Kuphatikiza ziwirizi popanda dokotala kukhoza kuchititsa munthu kutaya magazi m'mimba. Chimbudzi chakuda ngati phula ndicho chizindikiro chake.

Amene apatsidwa mankhwala amphamvu monga tramadol, codeine kapena morphine adziwe kuti amamanga m'mimba ndi kuledzeretsa. Madzi ambiri, masamba ndi zipatso monga mapapaya zimathandiza. Mowa ndiye ayi: kapu ya kachasu "yoitanira tulo" pamwamba pa mankhwala amenewa ikhoza kufooketsa kupuma, kapena kumugwetsa munthu popita kukataya madzi. Ndipo mankhwala a masiku onse, kaya ndi a shuga, a BP kapena ma ARV, sasiyidwa pokhapokha dokotala atanena. Shuga wokwera amachedwetsa chilonda kupola.

Kuthowa, Mawira ndi mphini

Pachikhalidwe chathu chotupa chimathowedwa ndi madzi otentha. Ku Nkhotakota kulinso akasupe a madzi otentha a Mawira, kumene anthu akhala akusamba kuyambira kale, ndipo sipalephera wachibale wonena kuti agogo akangoviika mwendo kumeneko zonse zitha. Bondo lotupa chifukwa cha opaleshoni limafuna zosiyana ndi zimenezi. Kutentha kumakokera magazi ambiri pamalopo, kutupa n'kuwonjezeka, usikuwo n'kukhala wautali kuposa wa dzulo.

Limafuna kuzizira. Ayisi wokutidwa m'thaulo kapena m'chitenje, osati wogunda khungu mwachindunji, aikidwe pabondo kwa mphindi 15 mpaka 20, makamaka akamaliza mafizo ndi asanagone. Nyumba zambiri zilibe firiji, ndipo kumene ilipo magetsi sadalirika, koma m'matauni a kunyanja ayisi amapezeka kwa ogulitsa zoziziritsa kukhosi ndi kwa ochita malonda a nsomba. Wogula atenge woyera, osati amene wagona pa chambo, amuike m'jumbo yosadontha, ndipo madzi ake asafike pachilonda. Ayisi akasowa, nsalu yoviika m'madzi a mumtsuko n'kufinya bwino imathandizako, bola ulusi utachotsedwa ndipo chilonda chitauma.

Ulusi kapena timawaya totsekera chilonda timachotsedwa pakatha masiku 10 mpaka 14. Chilonda chisanatsekeke bwinobwino, mwendo usaviikidwe m'nyanja, mumtsinje wa Bua, m'dambo la mpunga ngakhale ku Mawira komweko.

M'miyezi ya June ndi July, mwera ukamawomba, ambiri amadandaula kuti chitsulo chikuzizira m'kati. Bulangete n'lokwanira. Mbaula kapena botolo la madzi otentha pafupi ndi bondo n'zoopsa chifukwa khungu ladzanzi lija likhoza kupsa mwini wake osamva.

Koma choipitsitsa ndi mphini. Ululu wobwera usiku wokhawokha, masana n'kusowa, umafulumira kupatsidwa dzina lina m'mudzi, ndipo ena amathamangira kwa sing'anga kuti akateme pabondo n'kupakapo mankhwala. Nkhani ya chikhulupiriro ili ndi eni ake, koma za chitsulo n'zodziwika: chilibe magazi oti alimbane ndi tizilombo. Tizilombo tikalowa n'kukakamira pachitsulocho, mapiritsi okha kawirikawiri satha kutichotsa. Pamafunika opaleshoni ina yotsuka, mwinanso kuchotsa bondo lonselo, kudikira masabata ambiri, n'kudzaika lina. Lumo limodzi likhoza kumwaza ndalama zonse zimene ana adatumiza kuchokera ku Joni.

Ululu wosayenera kudikira m'mawa

Nanga gadiyani asiyanitsa bwanji? Ululu wa kuchira umakwera ndi kutsika. Umakula tsiku limene munthu wayenda kwambiri, umamva mankhwala, ayisi ndi kukweza mwendo, ndipo mukayerekeza sabata ino ndi yatha mumaona kuti ukuchepa. Ululu wa vuto umakula tsiku ndi tsiku ndipo sumva kanthu.

Katumba akatupa, kulimba ndi kuwawa pomukhudza, ndipo kutupako osatsika ngakhale mwendo wagona pamwamba, mwina magazi aundana mumtsempha. Vutoli limakonda masabata oyambirira, ndipo ulendo wautali wokhala mothithikana m'minibasi pochokera kuchipatala umaliwonjezera mpata. Chibuma cha magazicho chikhoza kuthothoka n'kukatseka m'mapapo. Choncho mwendo wotere sutikitidwa. Munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kulasa m'chifuwa kapena kutsokomola magazi, pezani galimoto nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku.

Chizindikiro china ndi cha tizilombo: chilonda kutuluka madzi kapena mafinya, kufiira kapena kuderako kumene kukufalikira, bondo kutentha kwambiri kuposa masiku onse, thupi kutentha ndi kunjenjemera. Apa pali msampha wa kunyanja. Thupi likatentha ku Nkhotakota aliyense amati malungo, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Kuyezetsa malungo n'koyenera, koma wodwala anene kuti ali ndi bondo lopanga, avundukule achipatala alione. Munthu akhoza kukhala ndi zonse ziwiri. Asayambe wamwa makapisozi ogula pamsika, chifukwa amabisa tizilombo madokotala akafuna kupopa madzi a m'bondo kuti adziwe mtundu wake.

Kugwa kenako n'kulephera kuponda, phazi kuzizira kapena kufa dzanzi lonse, nazonso n'zothamangira nazo.

Poyambira si ku Lilongwe ayi. Paboma pali chipatala chachikulu cha Nkhotakota komanso cha St Anne's cha mpingo wa Anglican. Dziko lino lidayamba kuphunzitsa makiliniko ofesa a mafupa mu 1985, ndipo ndiwo akhala akusenza ntchito yaikulu ya mafupa m'zipatala za m'maboma. Iwowa akhoza kuona bondo, kulankhulana ndi madokotala aakulu ndi kutumiza wodwala kumene akuyenera. Kabuku ka kuchipatala, kalata yotulukira ndi nambala ya foni ya kumene adachitidwira opaleshoni zizikhala m'jumbo imodzi pamalo odziwika kwa aliyense m'nyumbamo.

Masana ndiwo amakonza usiku

Odwala ena akaona kuti tsiku limene achita mafizo usiku wake bondo lawawa, amasiyiratu. Ena amachita mosemphana: akangomva bwino m'mawa, ulendo wa kumsika, kumaliro, kukaona mpunga kudimba, tsiku limodzi lomwelo. Onsewa amalipira usiku. Chofunika ndi pang'onopang'ono koma kawirikawiri: kuyenda mtunda waufupi kangapo patsiku, kupinda ndi kuwongola monga adaphunzitsira a mafizo, kenako kupuma mwendo uli pamwamba. Mafizo olemera achitike m'mawa kapena masana, osati munthu ali pafupi kugona. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tulo ta masana tichepe, ngakhale kuti munthu amene wachezera amalakalaka kubweza. Tiyi wamasamba wa madzulo, amene akuluakulu ambiri salola kumuphonya, amathamangitsa tulo ndi kuchulukitsa maulendo a kuchidebe. Gadiyani naye ndi munthu. M'masabata awiri oyambirira achibale azisinthana, chifukwa wotopa ndiye amene amaiwala ola la mankhwala.

Pali nkhawa inanso imene imawagoneka anthu maso ali tseguke, ngakhale saitchula kwa dokotala. Nkhotakota ndi dera la Asilamu ambiri ndi Akhristu ambiri, ndipo onse amagwada popemphera. Mayi wa pamudzi amagwadanso popereka moni kwa apongozi, amanjuta pophika kondowole, amawerama powokera mpunga. Chilonda chikapola kugwada pa chinthu chofewa sikuononga chitsulo, koma ambiri amakumva kusautsa, ndipo kukhalira zidendene monga pa swala kumakanika kwa ochuluka. Chisilamu chimalola wodwala kuswali atakhala pampando, ndipo m'matchalitchi wokalamba wokhala pabenchi sadzudzulidwa. Mafuwa akhoza kukwezedwa, kapena mbaula kuikidwa pa chiunda cha njerwa. Kuwokera kokha n'kofunika kusiyira achinyamata.

Ofufuza a pa yunivesite ya Bristol ku England adalengeza mu 2019 kuti mwa maondo opanga 100 aliwonse, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito patatha zaka 25. Ofufuza a komweko adapezanso mu 2012 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu amakhalabe ndi ululu kwa nthawi yaitali opaleshoni itachitika. Choncho amene miyezi itatu yatha koma sakugonabe asakhale chete poopa kuoneka wosayamika kwa ana amene adalipira. Mwina ululuwo ndi wa mitsempha, umene uli ndi mankhwala akeake osiyana ndi panado. Mwina ukuchokera m'chiuno kapena kumsana n'kumamvekera m'bondo. Mwinanso muli tizilombo toyenda mwakachetechete, timene timadziwika poyeza magazi ndi kujambula.

Popita kukaonedwanso, zimathandiza kunyamula kope limene mdzukulu wa kusukulu wakhala akulembamo ola limene agogo adadzuka usiku uliwonse, pamene pankawawa, mankhwala amene adamwa ndi mtunda umene adayenda tsiku limenelo. Odwala ambiri achikulire akafunsidwa ndi dokotala kuti bondo lili bwanji amangoyankha mwaulemu kuti "lilibwinoko, adokotala," ngakhale atachezera sabata yathunthu.